Zimene Elube Anakwirira Kuseri kwa Khola

Makoswe amene anagwa ku Kawale chaka chimenecho anali amwano. Chigayo cha kuseri kwa msika chitatsekedwa, anasamuka onse ndi ana awo omwe n'kuyamba kugawana makomo a anthu ngati mapoloti. Anali onenepa, othothoka ubweya pamsana, ndipo sankadikira mdima ayi. Dzuwa likuswa mtengo, khoswe ankatha kudutsa pakati pa amayi akutsuka mbale, n'kuima, n'kuwayang'ana kaye, kenako n'kupitiriza ulendo wake osathamanga.

Amene anavutika kwambiri anali oweta nkhuku, ndipo mwa iwo munali Zaituni ndi mnzake Elube.

Mapoloti a awiriwa anagundana kumbuyo, ndipo khola lawo linali limodzi, la miyendo inayi, lomangidwa pamalire penipeni. Analimanga ndi Mwamadi, mwamuna wa Zaituni, mmisiri wokhoma zidebe ndi mbaula pamsika. Nkhuku za Zaituni zinali ndi kansanza kobiriwira pamwendo, za Elube zinalibe, ndipo kusiyana kwake kunali komweko basi. Zinkagona pamodzi, zinkadya gaga wa m'dilamu limodzi.

Elube anali mayi wamasiye wa ku Dowa, wamkulupo kwa Zaituni, woimba m'kwaya ya amayi kutchalitchi kwawo, munthu wosachedwa kuseka komanso wosachedwa kutopa ndi chinthu. Zaituni anali Msilamu wa ku Mangochi, wofatsa poyankhula koma wosasunthika akanena mawu. Anthu ankadabwa kuti awiriwa amamvana bwanji. Chinsinsi chake chinali pa mpeni.

Pa zaka khumi ndi ziwiri zimene anakhala moyandikana, Elube sanaonekepo akupha nkhuku ndi dzanja lake. Akafuna ndiwo ya nkhuku ankaigwira mapiko n'kukaima nayo pakhomo pa mnzake. "Bambo a Zulaikha, tizingireni kaye musanapite kumsika." Mwamadi ankanola mpeni, kuigoneka nkhukuyo, kutchula dzina la Mulungu, n'kuizinga monga Chisilamu chimafunira. Iye akakhala kulibe, Elube ankainyamula mpaka pakona kwa a Tahir atelala, amenenso anali Msilamu. Ankadzivutitsa chonchi kuti Zaituni ndi banja lake azitha kudya nawo, poti Msilamu sadya nyama yosazingidwa, ndiye yofa yokha ija, imene amaitcha chibudu, sayiyandikira n'komwe.

Chimenechi Zaituni ankachinyadira kuposa china chilichonse chimene anali nacho mu Lilongwe. Kwawo kunali kutali, abale ake anali kutali, koma anali ndi khomo limodzi kumene ankadya chilichonse osafunsa. Amayi anzake a kumzikiti akamuchenjeza kuti nyama ya m'nyumba za eni njofunika kufunsa kaye, iye ankangoseka. "Mbale ya achemwali anga a Elube ndimadya nditatsinzina," ankatero, ndipo ankanena mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve.

Makoswe atafika pakhola lawo anayamba ndi gaga. Atakhuta gaga analawa mazira, ndipo atalawa mazira anaona kuti anapiye ndiwo okoma.

Zaituni anawatengera nkhondoyo pamtima. Dilamu la gaga analipezera chivundikiro n'kutsindikiza mwala pamwamba. Anauza Mwamadi kuti apinde malata ngati zipewa n'kuveka miyendo yonse inayi ya khola, kuti khoswe akamakwera azigunda mutu n'kubwerera. Mauna onse amene ankawapeza m'munsi mwa mpanda ankawatsira mabotolo oswekasweka n'kumata ndi dothi losakaniza simenti pang'ono. Koma chida chimene ankachikonda chinali chidebe. Ankathiramo madzi mpaka pakati, n'kuwaza mankhusu pamwamba kuti paoneke pouma, n'kutsamiritsa kathabwa kopakidwa chiponde kunsonga. Khoswe ankakwera kathabwako, n'kudumphira pa mankhusu aja akuganiza kuti wapeza phwando. M'mawa Zaituni ankawavuula ndi fosholo, awiri, atatu, tsiku labwino anayi.

Elube ankaima poteropo atagwira m'chiuno. "Amake Zulaikha, makoswewa mukuwapha kapena mukuwaphunzitsa kusambira?"

"Akutha, achemwali. Pang'onopang'ono."

"Inu mukapha atatu, kuuna kuja kwabadwa twente. Masamu ake sakutheka amenewa."

Tinene zoona, Elube sankanama. Makoswe ankachepa, koma ankachepa ngati madzi a m'chitsime potunga ndi kapu.

Mwezi wa Ramadhani unalowa mvula ili kumapeto. Sabata yachiwiri ya mweziwo uthenga unabwera woti amalume ake a Mwamadi amwalira ku Mangochi, ndipo iye ananyamuka, n'kunena kuti akakhalako mpaka atalongosola za pamudzi. Masiku omwewo thadzi lofiira la Elube linaswa anapiye khumi ndi mmodzi, okongola, onse amoyo. Elube anawawerenga kawiri, akuwatchula kale ntchito zawo: awa a Khirisimasi, awa a chinkhoswe cha mphwake, awa mbewu.

Lolemba anatsala asanu ndi awiri. Lachiwiri anatsala atatu, ndipo mmodzi anapezeka pansi pa khola atadyedwa mutu wokha. Elube anamutola ndi zala ziwiri, n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Tsiku limenelo sanaseke.

"Ine ndatopa, amake Zulaikha. Mawa ndikulowa m'tauni, ndikagula tameki."

Tameki ndi timibulu takuda tija timene anyamata amagulitsa m'timapepala ku depoti, akufuula kuti khoswe akangonunkhiza basi wapita. Zaituni ankatidziwa, ndipo ankadana nato.

"Achemwali, paja tinagwirizana kuti poizoni pakhola pano ayi."

"Tinagwirizana makoswe asanatipeze chonchi."

"Nkhuku zathu zimatola paliponse. Khoswe sadyera pamalo amodzi, nyambo amaikokera poyera. Nkhuku ikatola, ndiye tikhala tikupha makoswe kapena nkhuku?"

"Ndiika pobisika."

"Kwa nkhuku kulibe pobisika. Ndipatseni sabata imodzi. Ndiwonjezera zidebe ziwiri, anapiyewa azigona m'khitchini mwanga m'dengu. Sabata imodzi yokha, achemwali."

Elube anaponya kamwanapiye kaja kudzala, n'kupukuta zala pachitenje. "Chabwino. Sindiika."

"Shuwa?"

"Mulungu akuona, sindiika."

Anavomera msanga kwambiri, koma Zaituni sanaganizire zimenezo. Munthu amene umadya mbale yake utatsinzina sumamuyang'ana m'maso kuti uone ngati akunena zoona.

Anapiye atatu aja sanafike ndi kudengu komwe. Masana a tsiku lomwelo makoswe anawatola mmodzimmodzi m'udzu wa kuseri kwa bafa, mayi wawo akuthamanga uku ndi uku, nthenga zili nyankhalala. Pofika Lachitatu thadzi lofiira linkangoyenda lokha pabwalo, likuitana ana amene kunalibe.

Lachinayi Zaituni anakwera minibasi kupita ku Area 23 kukaona mwana wake Zulaikha, amene anali ndi khanda. Anachoka m'mamawa, n'kubwerera dzuwa litapendeka, mutu ukuwawa, kukhosi kuli gwa ndi ludzu la tsiku lonse. Analibe mphamvu zophika zambiri. Anateleka mpunga, anafulula tiyi, n'kukhala pamkeka pakhonde kudikira kuitana kwa kumzikiti kuti amasule.

Mwezi wa kusala uliwonse Elube anali ndi chizolowezi chake. Nthawi yomasula ikamayandikira ankatulukira ndi kambale, tsiku lina mbatata, tsiku lina maungu, n'kunena kuti, "Ine sindinasale nawo, koma kumasula kokha ndimasula nawo." Tsiku limenelo anatulukira ndi mbale yaikulu yovundikira, fungo lili patsogolo.

"Ndati makoswe asatimalizire zonse, nafenso tilaweko," anatero, akuika mbaleyo pamkeka. "Ndi thadzi lofiira lija. Lilibenso ana oti lilere, lingotilira pabwalo. Azinga a Tahir."

Zaituni anali asanafunse n'komwe kuti wazinga ndani. Sanafunsepo chiyambire. Anangothokoza, mtima utadzaza, poona kuti mnzake amene wataya anapiye onse akumukumbukirabe iye pa njala yake. Kumzikiti ataitana, anamwa madzi, anatchula dzina la Mulungu, n'kuyamba kudya. Nkhukuyo inali yokazingidwa bwino, ya tomato wambiri ndi tsabola. Anadya ntchafu, anadya chidale, anaphwanya mafupa n'kuyamwa mafuta ake. Elube anakhala naye pang'ono, akudya phiko, akukamba za kwaya, kenako anati watopa n'kupita kwawo. Msuzi wotsala Zaituni anausunga, n'kudyera mpunga m'bandakucha asanayambe kusala kwa Lachisanu.

Kutacha anatenga fosholo n'kupita kukaona zidebe zake. Chidebe choyamba munalibe kanthu. Chachiwiri munalibe kanthu. Koma pafupi ndi dilamu la gaga panali khoswe wakufa, atagona chagada, thovu lili kukamwa. Wina anali pansi pa khola. Wachitatu, wamkulu ngati kamwana ka mphaka, anali pakhomo penipeni pa bafa.

Zaituni anaima, fosholo ili m'manja. Khoswe wa m'chidebe amafa ali wonyowa, wa pamsampha amafa ndi bala. Awa anali ouma, opanda bala lililonse.

Anagwada n'kuyamba kusuzumira m'munsi mwa mpanda. Kuseri kwa njerwa ziwiri zotsamiritsana anapeza chivundikiro cha botolo la mafuta, ndipo pamenepo panali zidutswa za tomato ndi mitu ya bonya, zonse zowazidwa timibulu takuda. Chidutswa china cha tomato chinali chitakokedwa mpaka poyera, pamene nkhuku zimapalasa.

Mtima unamuwawa, koma sikunali kuwawa kwakukulu. Anadziuza kuti mnzake wataya anapiye khumi ndi mmodzi, ndipo munthu wopsa mtima amachita zinthu. Amukalipira, akwiyirana tsiku limodzi, zitha. Anatola nyambo yonse ndi pepala, anasesa pamalopo, n'kuyamba kufunafuna ngati pali ina. Nkhuku anazisiya zotsekera m'khola.

Kuseri kwa khola, mbali ya kwa Elube, anaona dothi lofukulidwa chatsopano. Anaganiza kuti ndi una wina, poti makoswe akatsekeredwa uku amaboola uko. Anakatenga khasu ndi mabotolo ake osweka kuti autseke. Atakhapa kawiri, khasu linakola jumbo yakuda yomangidwa pakamwa.

Anaimasula. Munali matumbo a nkhuku, onse. Munali chiwindi, nthutumba yosang'amba, zipalapasiro, ndi mutu wa nthenga zofiira.

Ndani ku Kawale amataya nthutumba? Ndani amakwirira chiwindi? Matumbo enieniwo anthu amawatsuka, n'kuwakulunga ku zipalapasiro, n'kukazinga, ana n'kumalimbirana. Zam'kati mwa nkhuku zimakwiriridwa pa chifukwa chimodzi chokha, ndipo Zaituni ankachidziwa: nkhukuyo ikakhala kuti yadya poizoni.

Anafuna kulowetsa chala kukhosi kuti zonse zituluke, koma anakumbukira kuti akusala, ndipo kudzisanzitsa dala kumaononga kusala. Anakhala pansi pomwepo, padothi, akumeza malovu owawa, akudzimvetsera m'thupi ngati muli chachilendo. Munalibe. Mutu sunkazungulira, m'mimba simunkapota. Thupi linali bwinobwino, ndipo zimenezo sizinamutonthoze ngakhale pang'ono.

Komabe mtima wa munthu ndi wokakamira. Ali pansi pomwepo anayamba kumufunira mnzake podzera. Mwina thadzilo analipeza likadali moyo, likudzandira, n'kuthamanga nalo kwa a Tahir. Nkhuku yodwala ikazingidwa ikupumabe si chibudu. Zikanakhala choncho, mlandu wa Elube ukanakhala wa poizoni wokha, ndipo umenewo Zaituni anali wokonzeka kuukhululuka. Anakwiriranso jumbo ija, anasamba m'manja, anafunda mpango wake n'kulunjika pakona.

A Tahir anali pakhonde la sitolo pamene ankasokera, akupalasa makina, mapini ali pakamwa. Anapatsana moni, anafunsana za maliro a ku Mangochi. Zaituni anazungulira nkhani, manyazi atamugwira ngati wakuba ndi iyeyo.

"Ndimati ndikuthokozeni, bambo, potizingira nkhuku dzulo."

A Tahir analavulira mapini m'dzanja. "Nkhuku iti, mayi?"

"Ya achemwali a Elube. Thadzi lofiira."

"Mayi Elube? Ayi, chiyambire mwezi uno sindinawaone. Ndipo dzulo sindinatsegule n'komwe, ndinali ku Biwi kokonzetsa makinawa. Mwina anapita kwa ena."

"Mwina," anatero Zaituni. Anatsanzika bwinobwino.

Anamupeza Elube atakhala pakhonde la kumbuyo kwa nyumba yake, lichero lili pamiyendo, akusankha nyemba. Atangomuona nkhope, Elube anasiya kusankha, kenako anayambiranso mofulumira, maso ali m'lichero.

"Mwadzuka bwanji, amake Zulaikha? Nkhukutu simunazitsegulire."

"Ndapeza tameki kuseri kwa njerwa."

Elube anapumira m'mwamba. "Eya, ndinaika. Pepani. Koma mwaona nokha, atatu tsiku limodzi, ndipo enawo akufera kumauna. Zidebe zanu zija..."

"Ndafukulanso jumbo kuseri kwa khola. Ndachokera kwa a Tahir."

Pamenepo manja a Elube anaima.

"Thadzi lija linafa nthawi yanji?" anafunsa Zaituni.

"Cha m'ma teni. Ndinalipeza pansi pa khola, likadali lofunda."

"Lofunda, koma litafa."

"Litafa." Elube anakweza mutu, ndipo mawu anayamba kutuluka mothamanga. "Koma ndinachotsa zonse zam'kati, amake Zulaikha, zonse, ndinatsuka katatu ndi madzi otentha. Poizoni amakhala m'matumbo, safika kumnofu. Inenso ndinadya, munandiona. Mwadwala ngati? Simunadwale. Nanga ndikanataya nkhuku yathunthu, anapiye ndataya kale?"

"Mukanadya nokha."

"Ndidye ndekha bwanji? Fungo la nkhuku libisika? Mukanabwera kuchokera ku 23, n'kumva kuti kwa Elube kwaphikidwa nkhuku koma mbale sinabwere, mukanati chiyani? Mukanafunsa. Mukanadziwa za tameki, ndipo mukanandiyang'ana mmene mukundiyang'aniramu."

Apa Zaituni anamvetsa. Ndiye kuti mbale ija sinali ya chifundo. Inali chivundikiro. Anamudyetsa chibudu, pa nthawi yomasula, m'mwezi wa Ramadhani, kuti asafunse za timibulu takuda kuseri kwa njerwa.

"Achemwali," anatero, "mukudziwa kuti chija n'chiyani kwa ine. Palibe munthu mu Kawale muno amene akudziwa kuposa inu."

"Ndikudziwa, n'chifukwa chake sindinakuuzeni." Elube anasendeza lichero, n'kuyankhula mofewa, ngati akutonthoza mwana. "Munandiuza nokha, amake Zulaikha. Tsiku lina tikuchapa pampopi munati kwanuko munthu akadya chinthu choletsedwa asakudziwa, Mulungu samuwerengera. Si munatero? Ndiye inu mulibe tchimo. Mukanapanda kufukula jumbo ija, bwenzi zonse zili bwinobwino."

Zinali zoona, anamuuzadi. Zaituni anakumbukira tsikulo, thovu la sopo lili m'manja, akumufotokozera mnzake za chipembedzo chake momasuka, mokondwa kuti pali wina wofuna kumva. Sankadziwa kuti mnzakeyo akusunga mawuwo kuti adzagwiritse ntchito. Chimene chinamuopsa kwambiri chinali kufewa kwa mawu a Elube. Sanali mawu a munthu amene waganiza zimenezi dzulo, atapanikizika. Anali mawu oyalidwa kale, ogonedwapo.

Tsiku la pampopi lija linali lakalekale, Zulaikha akadali pasukulu.

"Kangati?" anafunsa.

"Chiyani?"

"Mwandidyetsa kangati?"

"Aaa, amake Zulaikha, musachite kukhala ngati apolisi."

"Achemwali, ndakufunsani. Munanena kuti Mulungu akuona. Kangati?"

Elube anayang'ana kukhola, anayang'ana nyemba zake. Mwina akananama, koma bodza limafuna mphamvu, ndipo iye zinali zitamuthera. "Si kambiri. Dzulo, ndi chaka cha chitopa chija basi. Mukukumbuka mmene zinkafera, zisanu tsiku limodzi. Bambo a Zulaikha anali kumsika, a Tahir kutali, nkhuku ikugwa pompo. Zina ndinkathamanga nazo, zina zinkafera m'manja. Ziwiri kapena zitatu. Mwina zinayi. Tonse tinadya, palibe anadwala."

Chaka cha chitopa Zaituni ankachikumbuka bwino, koma osati chifukwa cha nkhuku. Chinali chaka chimene mayi ake anabwera kuchokera ku Mangochi kudzachitidwa opaleshoni ya maso, n'kukhala pakhomo pake miyezi iwiri. Anali mayi wokalamba, wosaphonya swala, mapemphero a Chisilamu aja, amene moyo wake wonse sanadyepo nyama yophikidwa m'nyumba imene sankaidziwa. Masiku amenewo mbale za nkhuku zinkabwera pafupipafupi kuchokera kwa Elube, ndipo Zaituni ankati mnzake akuchitira ulemu mlendo.

Mbale yoyamba mayi ake anaikankha. Yachiwiri anaikankhanso, n'kunena kuti adya masamba okha. Zaituni anachita manyazi, anapsa mtima, anakangana nawo mayi ake omubala chifukwa cha Elube. Pa mbale yachitatu anagwada pafupi nawo, maso awo ali omangidwa mabandeji, n'kuwauza kuti, "Wallahi, amayi, nkhuku iyi njozingidwa. Mayi ameneyu ndimamudziwa ngati dzanja langali." Mayi ake anati, "Ngati walumbira iwe mwana wanga, ndidya." Poti sankaona, Zaituni ndi amene ankawanyotsolera nyamayo n'kumawaika m'dzanja. Anamwalira chaka chotsatira.

"Mayi anga anadya nawo chaka chimenecho," anatero Zaituni.

Elube anaweramira m'lichero.

"Anakana kawiri. Munali pomwepo pakhomo, munamva. Munandimva ndikulumbira."

"Ndinamva," anatero Elube motsitsa. "Koma amake Zulaikha, agogo aja sanadziwe. Malinga ndi mmene munanenera, alibe mlandu."

"Iwo alibe mlandu," anatero Zaituni. "Amene ndinalumbira ndine."

Lichero linapendekeka pamiyendo pa Elube, nyemba n'kuyamba kugwera pansi imodziimodzi, iye osaziona.

Zaituni sanalire pamaso pake. Anadutsa pakhola, nkhuku zikulira m'katimo kufuna kutsegulidwa, n'kulowa m'nyumba mwake. Kumbuyo anamva, "Amake Zulaikha! Tamvani kaye!" Anagwira chitseko cha kumbuyo, choyang'ana kwa Elube, kuti atseke. Chitsekocho chinali chisanatsekedwepo masana kwa zaka zambiri, ndipo dothi la mvula linali litaunjikana pansi pake. Chinakana. Anachita kuchikankha ndi phewa.